Mzere wa Zimbabwe ulibe manambala: kodi ndiye kuti kuno sitichita kafukufuku?

Mtsikana wina wa ku Mufakose watilembera motere: "Agogo anga anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira konkuno ku Harare, ndipo ndili chaka chomaliza cha maphunziro a zachuma. Ndikulemba pepala langa lotsiriza pa ndalama zimene maboma ndi makampani amaika pa kafukufuku. Nditatsegula matebulo a World Bank ndi UNESCO ndinapeza Israel ndi South Korea zili pamwamba zedi, South Africa ili pansi pa 1 peresenti, koma mzere wa Zimbabwe uli ndi mabokosi opanda kanthu. Kwina ndinawerenga kuti Malawi inapitirirapo 1 peresenti, ndipo ndinadabwa. Amalume anga akuti m'mayiko olemera makampani ndiwo amalipira kafukufuku, ndiye boma lathu lisamavutike nazo. Kodi manambala amenewa ndi odalirika? Kapena ndingosintha mutu?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Mutu wanu musausinthe. Mabokosi opanda kanthu amene akukusowetsani tulowo ndi mbali ya nkhani imene mukuyenera kulemba, ndipo mwawaona msanga kuposa anthu ambiri amene amangokopera nambala n'kuiika m'pepala osafunsa kuti inachokera kuti. Ndagwira ntchito ya ziwerengero za kafukufuku kwa zaka zambiri, kutumiza mafomu ndi kuwalondola, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mwachifatse momwe zimayendera.

Tiyambe ndi kumene manambalawa amachokera. Ambiri amaganiza kuti a World Bank amatuma anthu awo kudzawerengetsera ndalama m'dziko lililonse. Sizili choncho. World Bank imatenga manambala amenewa ku nthambi ya ziwerengero ya UNESCO imene ili ku Montreal, ndipo a ku Montreal nawo amadikira kuti dziko lenilenilo liwatumizire. Mayiko olemera amatumizanso awo ku OECD, bungwe lawo la mgwirizano pa zachuma la ku Paris, komwe amasindikiza matebulo atsatanetsatane. Kuti mayiko onse aziwerenga mofanana, amatsatira buku la malamulo lotchedwa Frascati Manual, limene akatswiri anagwirizana atakumana m'tauni ya Frascati ku Italy mu 1963. Lakonzedwa kangapo, ndipo mukamalitchula m'pepala lanu tengani la 2015. Nambala imene mwaiona ija amaitchula kuti GERD: ndalama zonse zimene zagwira ntchito ya kafukufuku mkati mwa malire a dziko m'chaka chimodzi, posatengera kuti wapereka ndani, kenako n'kuziyerekeza ndi chuma chonse chimene dzikolo lapanga chaka chimenecho.

Kuti dziko lipeze GERD yake, pamafunika kalembera wapadera. Fomu iyenera kufika ku yunivesite iliyonse, ku malo onse a kafukufuku a boma, ku mabungwe omwe si aboma, ndi ku makampani. Kenako pakhale munthu woimba foni, wopita yekha kukagogoda, wobweza fomu yolembedwa molakwika. Ntchitoyi imadya ndalama ndi nthawi, ndipo makampani ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa ena amaopa kuti zimene alemba zikafika kwa a msonkho kapena kwa opikisana nawo. South Africa imachita kalembera ameneyu chaka ndi chaka kudzera ku bungwe lake la kafukufuku la HSRC, n'chifukwa chake mzere wake ndi wodzaza. Mayiko ambiri a mu Africa anayamba kuyesa pamene NEPAD, pulogalamu ya chitukuko ya African Union, inakhazikitsa ntchito ya ziwerengero za sayansi yotchedwa ASTII mu 2007, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'malipoti a African Innovation Outlook mu 2010, 2014 ndi 2019. Mukawawerenga mudzaona kuti mayiko angapo anakwanitsa kuwerenga za boma ndi za mayunivesite zokha, za makampani ayi. Gawo limodzi likasowa, chiwerengero chonse sichingalembedwe, ndipo bokosi limatsala lopanda kanthu. Bokosi lotero likungokuuzani kuti kalembera wathunthu sanachitike kapena sanatumizidwe. Musalembe 0 pamenepo, ndipo musalole kompyuta ikulembereni 0 mukamapanga magirafu.

Inu nomwe mukudziwa kuti kafukufuku mu Harare muno alipo. Ku Kutsaga, pafupi ndi bwalo la ndege, akhala akufufuza za fodya kwa zaka zoposa 70. SIRDC, malo a boma a kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale ku Hatcliffe, inakhazikitsidwa mu 1993. CIMMYT, bungwe la padziko lonse lofufuza za chimanga ndi tirigu, ili ndi ofesi ndi minda yoyesera chimanga kumpoto kwa mzinda. University of Zimbabwe ku Mount Pleasant yakhala ikuchita nawo mayeso akuluakulu a mankhwala a HIV pamodzi ndi anzawo a ku America. Kampani ya mbewu ya Seed Co ili ndi malo ake a kafukufuku a Rattray Arnold. Onsewa amalipira anthu, amagula zipangizo, amathira mafuta m'galimoto. Ndalamazo zilipo ndithu, kungoti sizinasonkhanitsidwe patebulo limodzi chaka ndi chaka.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti si ntchito iliyonse ya nzeru imene imawerengedwa. Malamulo a 2015 amati ntchitoyo ikhale yofuna chinthu chatsopano, yochokera m'maganizo atsopano, yoti zotsatira zake sizikudziwikiratu, yochitidwa mwadongosolo ndi bajeti yake, komanso yoti ena angathe kuibwereza kapena kuigwiritsa ntchito. Choncho kuphunzitsa m'kalasi sikulowa. Mlangizi akamayendera alimi sizilowa. Kuyeza dothi kapena magazi mwa masiku onse sikulowa, ngakhale kuchitikire mu labotale yokongola. Kampani ikagula makina atsopano ku China yapita patsogolo, koma sinachite kafukufuku. Apa pali chinthu chimene chimandipweteka mtima: amisiri a ku Siyaso ku Mbare, amene amakonza zigayo ndi makina opukusira chimanga kuti agwirizane ndi thumba la mlimi wamng'ono, sadzaoneka m'matebulo amenewa, pakuti salemba zoyesa zawo ndipo alibe bajeti yapadera. Luso lawo ndi lenileni. Muyezo umene tikugwiritsa ntchito unapangidwira mayiko a mafakitale akuluakulu, ndipo ndi bwino munene zimenezi poyera m'pepala lanu.

Tsopano za Malawi. Munawerenga zoona: lipoti loyamba lija la 2010 linaika Malawi, Uganda ndi South Africa pamwamba pa 1 peresenti pa nthawi imeneyo. Kuti mumvetse, muzifunsa mafunso awiri osiyana pa ndalama iliyonse ya kafukufuku. Loyamba, wapereka ndani? Lachiwiri, waigwiritsa ntchito ndani? Matebulo amasiyanitsa zimenezi. Ochita kafukufuku ali m'magulu anayi, omwe ndi makampani, boma, sukulu zaukachenjede ndi mabungwe osafuna phindu. Opereka ndalama ndi omwewo, kuphatikizapo gulu lachisanu, la kunja kwa dziko. Ku Blantyre kuli ntchito yaikulu ya Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo pali mayunivesite ena a ku America ndi ku Ulaya amene akhala akufufuza za malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu m'dzikomo kwa nthawi yaitali. Ndalama zawo zimagwira ntchito mkati mwa Malawi, choncho zimalowa mu GERD ya Malawi. Popeza chuma cha Malawi n'chochepa, mapulojekiti ochepa akuluakulu amakweza peresenti mofulumira. Nambalayo si yabodza, koma sikutanthauza kuti boma la ku Lilongwe linatulutsa 1 peresenti m'thumba mwake.

Ndiima pang'ono pamenepa, chifukwa kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndalama zakunja zachita zabwino zambiri ndipo sindizinyoza. Chitsanzo chili pakhomo pathu: Friendship Bench, ntchito imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, yophunzitsa agogo aakazi kucheza ndi anthu ovutika maganizo pabenchi la pachipatala. Nzeru ya ntchitoyi inabadwira konkuno, koma mayeso amene anatsimikizira dziko lonse kuti njirayi imathandiza, omwe anasindikizidwa mu 2016, anayenda ndi thandizo lochokera ku Canada. Vuto limabwera pamene pafupifupi zonse zadalira kunja. Wopereka ndalama amakhala ndi mafunso ake amene akufuna ayankhidwe, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wa zaumoyo m'mayiko athu ndi wamphamvu pomwe wa zamagetsi, zamadzi a m'mizinda kapena za kukonza miyala ya m'migodi ndi wofooka. Komanso wopereka akasintha maganizo, ntchito imaima pakati. Tinaziona kumayambiriro kwa 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri lakunja: anamwino, oyendetsa galimoto ndi ofufuza achinyamata m'mayiko ambiri a kuno kum'mwera anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Dziko limene lili ndi 0.5 peresenti yochokera m'thumba mwake likhoza kukhala lokhazikika kuposa limene lili ndi 1 peresenti yobwera pa ndege. Choncho musalembe peresenti yokha. Pambali pake muzilemba nthawi zonse kuti gawo la boma ndi lotani, la makampani ndi lotani, lakunja ndi lotani.

Israel nayo muiyang'ane ndi diso lomweli. Ili pamwamba pa 5 peresenti, koma gawo lalikulu kwambiri la ndalamazo limachokera kunja, ku makampani monga Intel, Google ndi Microsoft amene anatsegula malo awo a kafukufuku kumeneko. Kusiyana kwake ndi ife n'kwakuti awo ndi makampani odzafuna phindu, okopeka ndi akatswiri amene dzikolo linaphunzitsa, pomwe kwathu kuno zakunja zambiri ndi thandizo. M'tebulo zonsezi zimalembedwa pa mzere umodzi wa "kunja".

Tibwere kwa amalume. Muwauze mwaulemu kuti mbali ina akunena zoona. Ku South Korea, Japan ndi China makampani amapereka pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama za kafukufuku, ndipo ku America nako makampani ndiwo ali patsogolo kutalitali. Pamene mayiko a European Union anagwirizana ku Barcelona mu 2002 zofika 3 peresenti, ananenanso kuti magawo awiri mwa atatu achokere ku makampani. Mpaka pano sanafikepo, ali pang'ono pamwamba pa 2 peresenti. Koma tebulo la chaka chino limakuonetsani pamene mayikowa afika, osati njira imene anadzera. Ku America, mu 1964, boma ndilo linkapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Intaneti imene mwapezerapo matebulowa inayamba mu 1969 ngati ntchito yolipiridwa ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo. South Korea, idakali dziko losauka, inakhazikitsa bungwe la boma la kafukufuku la KIST mu 1966, ndipo kwa zaka zambiri boma ndilo linkasenza katunduyu. Makampani monga Samsung ndi Hyundai anadzapitirira boma m'zaka za m'ma 1980, atapeza kale mainjiniya ophunzitsidwa ndi misika yakunja yoti apikisanemo. Komanso ndalama zambiri za makampani zimapita ku gawo lomaliza, lokonza chinthu kuti chifike pa msika. Kafukufuku woyambira pansi, amene phindu lake limaoneka patapita zaka 15 kapena 20, ngakhale m'mayiko olemerawo amadalira kwambiri boma ndi mayunivesite.

Chitsanzo chimene amalume angachimve bwino ndi chimanga cha SR52. Mbewu imeneyi inatuluka mu 1960 pa malo a kafukufuku a boma muno mu Harare, nthawi imeneyo pakutchedwa Salisbury, patatha zaka pafupifupi 30 za kusankha ndi kukwatitsa mitundu ya chimanga, ntchito imene Harry Arnold anaiyamba ndipo Alan Rattray anaipitiriza. Inafalikira mpaka ku Zambia ndi ku Malawi. Tisaiwale kuti boma la nthawi imeneyo linkaganizira alimi achizungu a mafamu akuluakulu, momwe agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland ankagwiramo ntchito yakalavulagaga, ndipo zimenezi zikutsimikiziranso kuti wolipira ndiye amasankha woti apindule. Koma onani dongosolo lake: boma linapirira zaka zambiri lisanaone phindu, alimi a mbewu anadzatenga ntchito yochulukitsa ndi kugulitsa, ndipo pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1970, anatsegula malo awoawo a kafukufuku. Makampani anabwera pamene maziko anali atamangidwa kale.

Pali njira inanso imene dera lathu likuidziwa bwino, yoti alimi a mbewu imodzi azisonkha pa zokolola zawo kulipirira kafukufuku wawo. Fodya wayenda motero ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, ndipo Tea Research Foundation of Central Africa ya ku Mulanje yakhala ikutumikira alimi a tiyi a mayiko awiriwa ndi ndalama za eni tiyiwo. Mabungwe otere amavuta kuwaika m'gulu: ndi a boma kapena a makampani? Muyenera kuona amene amawalamulira ndi momwe amapezera ndalama, ndipo mufotokoze chifukwa chimene mwawaikira pamene mwawaikapo.

Nanga bwanji makampani athu saikapo zambiri? Zifukwa zake si ulesi. Kampani imene sikudziwa kuti ndalama ya dziko idzakhala ndi mphamvu yotani chaka chamawa siingayambe ntchito ya zaka zisanu. Ngongole za ku banki ndi zodula ndipo ndi za nthawi yochepa. Makampani akuluakulu ambiri a migodi ndi a zakumwa ndi nthambi za makampani akunja, ndipo kafukufuku wawo amachitikira ku likulu, ku Johannesburg kapena ku London. Maboma ena amakopa makampani powachotsera msonkho. South Africa yakhala ikulola kampani kuchotsa 150 peresenti ya zimene yawononga pa kafukufuku kuyambira mu 2006, komabe dziko lonselo lakhala likuzungulira pa 0.6 peresenti m'zaka zaposachedwa. Kuchotsera msonkho kumathandiza kampani imene ikupanga kale phindu ndipo ili ndi akatswiri. Pakokha sikubala akatswiriwo.

Za 1 peresenti imene mumaimva kawirikawiri: lonjezo limeneli linalembedwa mu Lagos Plan of Action mu 1980, ndipo African Union inalibwereza ku Khartoum mu 2006. Avereji ya dziko lonse lapansi ili pafupi ndi 2 peresenti, pomwe mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara onse pamodzi sanafike ngakhale theka la 1 peresenti.

Pali misampha itatu imene yagwetsa ophunzira ambiri amene ndawaona, ndipo woyamba ndi waukulu kwa ife a ku Zimbabwe. Peresenti ili ndi nambala yapamwamba ndi yapansi, ndipo yapansiyo, chuma cha dziko, imasinthidwa. Nigeria itawerenganso chuma chake mu 2014, chinakwera pafupifupi kawiri tsiku limodzi. Zimbabwe ndi Malawi nazo zawerengansopo chuma chawo m'zaka zapitazi. Tiyerekeze kuti dziko lawononga 100 pa kafukufuku ndipo chuma chake ndi 20,000: imeneyo ndi 0.5 peresenti. Chumacho akachiwerenganso n'kupeza 25,000, peresenti imatsika kufika 0.4, popanda labotale ngakhale imodzi yotsekedwa. Onjezanipo nkhani ya ndalama zathu: madola a ku America kuyambira 2009, ma bond note mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu 2024. Mukafuna kuyerekeza zaka, nenani poyera kuti mwasinthira pa mtengo uti, wa ku banki kapena wa pamsewu, chifukwa yankho lanu likhoza kusiyana kwambiri.

Msampha wachiwiri ndi kutenga zimene nduna ya zachuma yalengeza mu bajeti ngati ndalama zimene zagwira ntchito. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zolengezedwa ku nyumba ya malamulo mwina zimatuluka mochedwa, mwina theka, mwina zitadyedwa kale ndi kukwera kwa mitengo. OECD imasunga manambala a bajeti padera ndi manambala a kalembera pa chifukwa chomwechi, ndipo inunso musawasakanize m'tebulo limodzi.

Wachitatu ndi wa anthu. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene amathera masiku anayi pa sabata m'kalasi ndi kuchonga mayeso amawerengedwa ngati munthu mmodzi mukamawerenga mitu, koma ngati gawo limodzi mwa asanu la wofufuza mukamawerenga nthawi imene waika pa kafukufuku. Malipiro akenso amalowa mu GERD mwa gawo lomwelo basi. Dziko lina likatumiza mitu ndipo lina likatumiza nthawi, kuziika pamodzi n'kulakwitsa. Muziwerenga timawu ting'onoting'ono ta pansi pa tebulo, poti m'menemo ndimo amalembamo kuti gawo la makampani silinawerengedwe kapena kuti kawerengedwe kanasintha chaka chakuti.

Nanga pepala lanu mulilembe bwanji? Ndikanakhala inu, ndikanatenga mayiko ochepa amene ali ndi manambala a zaka zambiri, monga South Africa, Egypt ndi South Korea, n'kuonetsa momwe gawo la boma ndi la makampani lasinthira. Kenako ndikanalemba chaputala cha Zimbabwe chosonkhanitsa zidutswa zimene zilipo. Mu 2014 UNESCO inatulutsa mabuku awiri ofotokoza za kafukufuku, lina la Zimbabwe lina la Malawi, mu mndandanda wake wa GO-SPIN, ndipo ndi poyambira pabwino. Pa zaulimi fufuzani manambala a ASTI (si ASTII ija), ntchito imene inkayendetsedwa ndi bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI, amene ali ndi tsatanetsatane wa ndalama ndi ofufuza a zaulimi m'mayiko athu. Malipoti apachaka a makampani a pa Zimbabwe Stock Exchange ndi aulere, ndipo ena amalemba zimene awononga pa kafukufuku. Zidutswa zimenezi musaziphatikize n'kuzitcha GERD ya Zimbabwe. Zionetseni monga zilili, chilichonse ndi chaka chake ndi gwero lake.

Pali pamene simuyenera kuyenda nokha. Musanatumize fomu ku kampani kapena ku bungwe lililonse, kaonaneni ndi aphunzitsi amene akukuyang'anirani, akupatseni kalata ya yunivesite ndi chilolezo choyenera, chifukwa popanda zimenezi zitseko zambiri sizitseguka ndipo zimene mwasonkhanitsa zikhoza kukanidwa. Lemberani a Research Council of Zimbabwe ndi a ZIMSTAT, bungwe la boma la ziwerengero, kufunsa kalembera womaliza amene ali naye ndi magawo amene anawerengedwa, ndipo ngati mukufuna za Malawi lemberani a National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Mukaona kuti mukufunika kusintha ndalama za zaka zosiyanasiyana kuti zikhale pa muyezo umodzi, makamaka zaka za 2019 kufika 2024, pemphani mphunzitsi wa ziwerengero akhale nanu pansi musanayambe kuwerengetsera, pakuti cholakwika cha pamenepo chimalowa m'tebulo lililonse lotsatira. Ndipo yambani kulemba makalatawo sabata ino, poti mayankho a m'maofesi amatenga nthawi ndipo tsiku lopereka pepala silidikira.